Agogomole a kuno kum'mawa: mafunso ndi mayankho kwa oyenda m'thengo

Aliyense amene anakulira kumudzi kuno ku Chigawo cha Kum'mawa cha dziko la Zambia anamvapo gogomole akugogoda mtengo, kaya popita kudimba, kaya pokatola nkhuni. Koma mukafunsa kuti amaoneka bwanji kapena amadya chiyani, ambiri amangoti ndi kambalame kofiira pamutu, basi nkhani yathera pomwepo. Mafunso otsatirawa ndi amene amabuka kawirikawiri anthu akayamba kuyenda m'thengo ndi cholinga chomupenyetsetsa.

Ndikalowa m'thengo, ndiyambire pati kumufuna?

Yambani ndi makutu, maso abwere pambuyo. Nthenga za gogomole zimasokonezeka ndi khungwa la mtengo, ndipo akakuonani amazembera kuseri kwa thunthu n'kumasuzumira. Inu mukazungulira, nayenso azungulira. Mukamayenda mukuponya maso m'mwamba mokhamokha mudzabwerako ndi khosi lopweteka. Yendani pang'ono, imani, khalani chete mphindi zingapo, kenako yendaninso.

Kugogoda kwake kuli pawiri. Kwina n'kofuna chakudya: go, go-go, kenako zii, kenako go, ngati mmisiri amene akusema mpini wa khasu kuseri kwa nyumba, wopanda changu. Kumeneku ndiye kokuthandizani, chifukwa mbalameyo ili pantchito ndipo ikhalitsa pamtengo womwewo. Kwina ndi ng'oma: kugogoda kothamanga, kotsatizana, panthambi youma yamphako imene imalira bwino. Pamenepo sakufuna mphutsi ayi. Akulengeza kuti dera lino lili ndi mwini wake, kapena akuitana mnzake.

Mukamva, musalunjike pamtengopo. Pitani chozungulira, dzuwa likhale kumsana kwanu, ndipo maso anu akhale panthambi zouma ndi pamene khungwa lakanganuka. Nthawi zina chimene mumayamba kuona ndi tiziduswa ta mtengo tikugwa pang'onopang'ono. Akathawa, kaulukidwe kake kamamuulula: amakupiza mapiko kangapo, n'kuwapinda, n'kutsika pang'ono, n'kukupizanso, choncho amapita chokwera ndi chotsika. Akafika pamtengo wina amamata pathunthu n'kuyamba kukwera modumphadumpha. Sakonda kutsika chamutu. Akafuna kubwerera pansi amatsika chammbuyo kapena amangouluka.

Kodi gogomole ndi mtundu umodzi?

Ayi. Padziko lonse pali mitundu yoposa 200 ya m'banja limeneli, ngakhale kuti ku Australia, ku New Zealand ndi ku Madagascar kulibeko. Kuno kwathu, kuyambira ku Nyimba mpaka ku Lundazi ndi kutsikira kuchigwa cha Luangwa, pali inayi imene muyenera kuidziwa kaye. Mayina ake a m'mabuku a mbalame ndi a Chingerezi, ndipo ndi bwino kuwadziwa kuti muthe kuyang'ana zithunzi.

Wamng'ono kwambiri komanso wofala ndi Cardinal woodpecker, wotalika masentimita pafupifupi 15. Msana wake uli ndi mizere yopingasa, pachifuwa mizere yotsika. Ameneyu ndi wa tinthambi ting'onoting'ono ta kunsonga, ndipo amatha kulendewera chadodolido uku akugogoda. Ndi amene amafika ngakhale m'mitengo ya pakhomo m'tauni ya Chipata. Kulira kwake n'kwakuthwa, kri-kri-kri-kri.

Wamkulu ndi Bearded woodpecker, amene amayandikira masentimita 25. Nkhope yake ili ndi mizere yochindikala yakuda ndi yoyera, thupi lodera. Amafuna mitengo ikuluikulu yokhala ndi nthambi zakufa, ndipo ng'oma yomveka kutsidya kwa dambo ija kawirikawiri imakhala yake. Mvetserani bwino: imayamba mothamanga, kumapeto n'kumachedwerako, kugogoda komaliza n'kumveka kumodzikumodzi. Mukaimva kamodzi simudzaisokonezanso ndi ina.

Pakati pa awiriwa pali Golden-tailed woodpecker ndi Bennett's woodpecker, amene amavutitsa oyamba kumene chifukwa msinkhu ndi wofanana ndipo onse ali ndi zofiira pamutu. Yang'anani pachifuwa. Golden-tailed ali ndi mizere yotsika, Bennett's ali ndi madontho. Golden-tailed amakonda mitengo yowirira ya m'mbali mwa mitsinje ndipo amalira kamodzi, mokoka, modandaula, weeeaa. Bennett's ali ndi khalidwe lodabwitsa kwa amene amaganiza kuti gogomole ndi wa mumtengo mokha: amatsika pansi n'kumadya nyerere padothi. Mukavumbulutsa mbalame pansi m'nkhalango ya miombo kapena ya tsanya, iyo n'kukamata pathunthu la mtengo wapafupi, mwina ndi iyeyo.

Wamwamuna ndi wamkazi ndiwasiyanitsa bwanji?

Ndi mutu. Kwa Cardinal ndi Bearded, wamwamuna ali ndi kachigamba kofiira psuu pamutu, wamkazi alibe, pake ndi pakuda. Kwa Golden-tailed ndi Bennett's onse awiri ali ndi zofiira, koma wamwamuna zimamufika pamwamba pamutu ponse ndipo ali ndi mzere wofiira kuchokera pamlomo kutsikira kutsaya. Wamkazi zofiira zili kunkhongo kokha, pachipumi pakuda pokhala ndi timadontho toyera. Wamkazi wa Bennett's alinso ndi pakhosi pofiirira moderako. Choncho mukaona awiri pamtengo umodzi, wina wofiira wina ayi, musathamangire kuti ndi mitundu iwiri. Mwina ndi banja.

Kodi mpaka ndipite kupaki ya nyama ya South Luangwa kuti ndimuone?

Si mokakamiza. Chimene gogomole amafuna ndi mtengo wouma kapena wokhala ndi nthambi zakufa, ndipo kulikonse kumene mitengo yotere yatsala mungamupeze. M'mapiri ozungulira Chipata, monga Kanjala, m'malo amene mitengo yachilengedwe idakalipo. M'mbali mwa mtsinje wa Lutembwe ndi timitsinje tina momwe muli mikuyu. M'mitengo yakalekale ya mango pamabwinja. M'misangu yosiyidwa pakati pa minda. Munda wa bulugamu wodzalidwa mwandondomeko, mitengo yonse yamsinkhu umodzi komanso yaiwisi, musatayepo nthawi yambiri.

Manda a m'midzi yathu ndiwo asunga mitengo ikuluikulu, poti nkhwangwa siilowamo wamba, ndipo agogomole amawakonda ndithu. Koma kumanda sikolowa mwachisawawa, makamaka m'midzi ya Achewa kumene kumandako n'kudambwe. Imani panjira, mvetserani muli kunja. Ngati mukufuna kuyandikira, kapempheni kaye kwa amfumu, ndipo akakana, akana.

Komabe chigwa cha Luangwa chili ndi zake. Kuchokera ku Chipata kukafika ku Mfuwe ndi makilomita pafupifupi 130 pamsewu wa phula. Paki ya South Luangwa, imene inakhazikitsidwa mu 1972 ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 9,050, ili ndi mitundu ya mbalame yoposa 400. Chimene chimakometsa malowa kwa gogomole ndi njovu. Zimathyola nthambi, zimasenda makungwa, zimagwetsa mitengo ya tsanya, ndipo palibe wobwera kudzatola nkhuni. Mtengo umauma chiimire, tizilombo tofukula nkhuni n'kulowamo, gogomole n'kupeza nkhokwe. Kuyenda pansi m'paki kunayambira kuchigwa komweku: Norman Carr, amene mu 1950 anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kupatula malo osungira nyama, ndiye anatchukitsa maulendo apansi amenewa. Lero simungayende nokha. Pamafunika wotsogolera wovomerezeka ndi msilikali wa nyama wa mfuti wochokera ku Department of National Parks and Wildlife. Uzani wotsogolerayo musananyamuke kuti inu mwadzera mbalame, apo ayi adzakuthamangitsirani kumapazi a mkango.

Nthawi yabwino ndi iti?

M'mamawa, dzuwa litangotuluka mpaka cha m'ma 9 koloko. Masana m'thengo mumangoti zii, makamaka mu Okutobala pamene kuchigwa kutentha kumafika madigiri 40. Pa chaka, miyezi ya chilimwe ndiyo yosavuta, kuyambira Juni mpaka mvula yoyamba: udzu wagwa, masamba ayoyoka, nthambi zili poyera. Cha mu Ogasiti ndi Seputembala, miombo ikamaphuka masamba ofiira aja, ambiri amakhala akukonzekera kuswa, ndipo ng'oma zimachuluka. Tsiku lamphepo ndi loipa, chifukwa kugogoda kumamira m'phokoso la masamba. Agogomole athuwa sasamuka, choncho ngakhale m'dzinja alipo, kungoti masamba amawabisa.

Ndayenda ola lathunthu m'miombo osaona mbalame ndi imodzi yomwe. Ndalakwitsa pati?

Simunalakwitse. Ndi mmene miombo ilili. Mbalame zodya tizilombo za m'nkhalango imeneyi zimakonda kuyenda pagulu limodzi la mitundu yosiyanasiyana, makamaka nyengo yozizira. Ndiye mutha kuyenda mtunda wautali kuli chete, kenako mwadzidzidzi mitengo yonse yokuzungulirani n'kudzaza timbalame, tina m'masamba, tina pamakungwa, nthengu ali panthambi yapoyera kudikira tizilombo touluka timene anzakewo avumbulutsa. M'gulu lotere Cardinal sakonda kusowamo. Mukalipeza, siyani ulendo wanu, litsatireni pang'onopang'ono chakumbali, osalidula pakati. Mphindi 20 pagulu limodzi zimapindula kuposa maola atatu ongoyenda.

Amamenya mtengo tsiku lonse, mutu sumupweteka?

Funso limeneli ana salephera kufunsa. Kwa zaka zambiri mabuku ankanena kuti chigaza cha gogomole chili ndi fupa lofewa lochepetsa mphamvu ya kugundako kuti isafike ku ubongo. Mu 2022 Sam Van Wassenbergh wa ku yunivesite ya Antwerp ku Belgium ndi anzake anajambula mitundu itatu ya agogomole ndi makamera othamanga kwambiri, n'kupeza kuti mlomo ukaima pamtengo, mutu nawonso umaima nthawi yomweyo. Palibe chimene chimafewetsa. Ndipo n'zomveka: mutu wofewetsa kugunda ukanamutayitsa mphamvu, bwenzi akumenya kawiri pamene akanamenya kamodzi. Chimene chimamupulumutsa ndi kuchepa kwa ubongo wake. Kaubongo kakang'ono, kopepuka, kamapirira kugunda kumene kungakomole munthu.

Thupi lonse ndi la ntchito yomweyi. Zala zake ziwiri zimaloza kutsogolo, ziwiri kumbuyo, zokhala ndi zikhadabo zokowa. Nthenga za kumchira n'zolimba, ndipo amazitsamiritsa pathunthu kuti zimuchirikize. Mukamuona pafupi mudzaona kuti nsonga zake n'zoperepeseka. Pamphuno pali tinthenga totchinga fumbi, ndipo diso lili ndi kachikopa kamene kamatseka nthawi imene mlomo ukugunda.

Nanga amadya mtengo?

Ayi, amadya za m'kati mwake: mphutsi za tizilombo tofukula nkhuni, nyerere, chiswe, mazira ake, ndi akangaude obisala m'makungwa. Mlomo umangotsegula khomo. Ntchito yeniyeni ndi ya lilime, limene ndi lalitali kuposa mlomo. Mafupa ake opyapyala amazungulira kumbuyo kwa chigaza n'kudzera pamwamba pamutu, ndipo pamenepo ndi pamene lilime limabwerera akalikoka. Kunsonga kuli timinga, komanso malovu ake ndi omata. Amene amatsata mphutsi, monga Bearded, amaboola mozama n'kuikoka. Amene amatsata nyerere, monga Bennett's ndi Golden-tailed, amalowetsa lilime m'njira za nyererezo n'kulitulutsa litadzaza.

Akugogoda mango anga. Adzaumitsa mtengo?

Kawirikawiri gogomole amabwera mtengo utadwala kale. Ngati akubwerera panthambi yomweyo tsiku ndi tsiku, kaiyang'aneni: mudzapeza timabowo ta tizilombo ndi ufa wa nkhuni, kapena mkati mwawola. Iye wangokuonetsani pamene pali vuto, ndipo akukuchotserani zimene zikudya mtengowo. Chimodzimodzi pamitengo ya khola kapena ya nkhokwe imene yafumbwa.

Chisa chake chimakhala chotani?

Ndi mphako imene amadziboolera, nthawi zambiri panthambi kapena thunthu lakufa, ndipo khomo amakonda kuliika chakunsi kwa nthambi yopendekeka kuti mvula isalowe. Khomolo ndi lozungulira bwino, lokwanira mwini wake yekha; m'kati njira imalowa pang'ono n'kukhotera pansi. Ntchitoyi imatenga masabata, ndipo amagwira onse awiri, wamwamuna ndi wamkazi. Sabweretsamo udzu kapena nthenga. Mazira, amene ndi oyera mbee, amaikidwa patiziduswa ta mtengo totsalira pobowola. Cardinal amaikira limodzi mpaka atatu, n'kufungatira masiku pafupifupi 12, ndipo ana amatuluka m'mphako patatha pafupifupi milungu inayi. Amafungatira mosinthana, koma usiku ndi wa bambo.

Njira yopezera chisa ndi kuyang'ana pansi. Tiziduswa tatsopano, toyera, tomwazika patsinde pa mtengo, ndi chizindikiro choti pamwamba pali ntchito. Ana akakula amalira mosalekeza m'katimo, moti mumamva phokoso likutuluka mumtengo. Mukapeza, khalani patali ndithu. Kholo likafika ndi chakudya pamlomo n'kumangozungulira osalowa, ndiye kuti mwayandikira kwambiri, bwererani m'mbuyo. Musagogode mtengo kuti atuluke.

Pali mdani mmodzi amene ambiri samuganizira: nsadzu, mbalame yotsogolera anthu ku njuchi ija, pamodzi ndi abale ake. Mbalame za m'banja limeneli sizimanga zisa. Zimaikira dzira m'mphako za mbalame zina, kuphatikizapo agogomole. Mwana wake amaswa ali ndi kambedza kakuthwa kunsonga kwa mlomo, kamene amaphera ana a eni chisa asanatsegule n'komwe maso, kenako kambedzako kamagwa. Agogomole amalera mlendoyo mpaka kuuluka. Ndiye mukaona gogomole akupirikitsa kambalame kotuwa pafupi ndi mphako, musadabwe ndi ukali wake.

Akachoka, mphakoyo imangokhala?

Ayi, ndipo apa ndi pamene gogomole amaposera msinkhu wake. Ambiri amaboola mphako yatsopano nyengo iliyonse yoswa, ndiponso amakhala ndi zina zogonamo. Zakalezo zimalowedwa ndi mbalame zimene zimafuna mphako koma sizitha kuboola: tiakadzidzi ting'onoting'ono, zinkhwe, ndi zina zambiri. Agologolo, mileme ndi abuluzi nawonso amapezerapo pogona. Nthambi imodzi yakufa imatha kusunga mabanja osiyanasiyana kwa zaka.

Vuto n'lakuti mtengo wouma chiimire ndi umene aliyense amayamba kuuthamangira. Ndi nkhuni zopsa kale ndi dzuwa, zosafuna kuyanika. Owotcha makala amatenga ikuluikulu yaiwisi, owotcha njerwa ndi otola nkhuni amamaliza youma, ndipo matumba a makala oimikidwa m'mbali mwa msewu wa Great East Road akuonetsa kukula kwa nkhaniyi. Sitinganene kuti mayi asaphike. Koma amene ali ndi malo akeake angathe kusiya mtengo umodzi kapena iwiri youma kumalire a munda, kutali ndi nyumba ndi njira kuti usadzagwere munthu, makamaka ngati uli kale ndi mabowo. Moto wolusa wa mu Seputembala ndi Okutobala nawo umanyeketsa mitengo yotere mpaka phulusa. Kulambula udzu patsinde pake kumathandiza.

Pali mbalame zimene ndingazisokoneze ndi gogomole?

Zilipo. Za m'banja la barbet nazonso zimaboola mphako zozungulira m'mitengo yakufa, choncho si bowo lililonse ndi la gogomole. Yofala kuno ndi Black-collared barbet, yofiira nkhope ndi pakhosi, ya mlomo wonenepa, imene imaimba iwiriiwiri molandizana. Imeneyi imatera panthambi mopingasa monga mbalame zina zonse, ndipo imakonda nkhuyu. Palinso Green wood-hoopoe, zakuda zonyezimira, za mchira wautali ndi mlomo wofiira wokhota, zimene zimayenda pagulu zikusekerera mwaphokoso n'kumafufuza m'makungwa. Zimenezi zimatokosa, sizigogoda. Ngati mbalame yamata pathunthu choimirira, mchira utatsamira pakhungwa, mutu ukupita m'mbuyo n'kubwera, ameneyo ndi gogomole.

Ndinyamule chiyani?

Madzi, chipewa, nsapato zotseka. Zovala zikhale zamtundu wa dothi kapena wa masamba. Kuchigwa pewani zakuda ndi zabuluu chifukwa zimaitana ntchentche za tsetse. Magalasi oonera patali olembedwa 8x42 ndi okwanira, koma kupanda iwo si chifukwa chokhalira pakhomo, popeza Cardinal amalola kumuyandikira mukafatsa. Musapite anthu ambiri. Atatu kapena anayi achuluka kale. Ndipo poyang'ana m'mwamba muziyamba mwaima, chifukwa mphiri sithawa, imangogona panjira pomwepo.

Pafoni pali pulogalamu ya Merlin, ya ku Cornell Lab of Ornithology ku America, imene ili ndi zithunzi ndi kulira kwa mbalame. Mvetserani kunyumba kuti muphunzire. Kuliza foni m'thengo kuti gogomole abwere kumagwira ntchito, inde, koma iye amabwera poganiza kuti mdani walowa m'dera lake, n'kusiya mazira kapena ana. Nyengo yoswa musachite zimenezi.

Ndingapite ndi ana?

Pafupi ndi kwanu, pitani nawo, ndipo makutu awo ndi akuthwa kuposa anu. Malegeni ndi ulimbo zitsale kunyumba. Mnyamata amene amadziwa kuzembera mbalame ndi legeni ndiye amakhala katswiri pokuonetsani pamene yabisala, bola mumupatse ntchito imeneyo. Maulendo apansi a m'paki salola ana aang'ono, choncho funsani za zaka musanalipire. Kusukulu, makalabu a Chongololo a bungwe la Wildlife and Environmental Conservation Society of Zambia ndi poyambira pabwino, ndipo ku Mfuwe kuli Chipembele Wildlife Education Trust imene imaphunzitsa ana a m'deralo za chilengedwe.

Zimene ndaona ndingazitumize kuti?

Lembani nthawi yomweyo, musanatsegule buku: tsiku, malo, mtundu wa mtengo, pachifuwa mizere kapena madontho, zofiira zili pati pamutu, ndiponso ngati anali pansi, pathunthu kapena kunsonga. Mukayamba ndi buku, maso amavomereza chilichonse chimene chithunzi chikunena. Kenako mutha kuika zimene mwaona pa eBird, kumene anthu a m'mayiko onse amasungako zolemba za mbalame, kapena kulumikizana ndi BirdWatch Zambia, bungwe limene kale linkatchedwa Zambian Ornithological Society. Alendo ambiri amalemba za ku Mfuwe, pamene za ku Chadiza, Vubwi, Sinda ndi midzi ya ku Petauke zimalembedwa mwa apo ndi apo, choncho ngati mumakhala kumeneko, ngakhale Cardinal wa mumtengo wa pakhomo panu mulembeni.